Mmene ndinaluzitsira achemwali chikho cha zisudzo

Ine ndine munthu wa zisudzo, koma osati wa pasiteji ayi. Malo anga ndi mzere wachitatu kuchokera kutsogolo, chakumanja, pamene umaona nkhope za osewera bwinobwino koma malovu awo osakufika. Ena amakonda mpira mpaka kuthamanga nawo magazi. Ine mtima wanga unatsalira m'maholo a m'malokeshoni muno, momwe magalasi a mawindo anasweka kalekale ndipo katani yake ndi nsalu zofunda ziwiri zolumikiza ndi mapini.

Kusewera ndinayesako kamodzi kokha, ndili mtsikana, kutchalitchi kwathu ku Bangwe. Anandipatsa mbali yosavuta kuposa zonse, yokhala mtembo. Ndinagona pamphasa mwaulemu wake, koma wondilira atafika poti “watisiyira yani”, kuseka kunandigwira, mtembo n'kuyamba kugwedeza mapewa. Anandichotsa tsiku lomwelo, ndipo sindinadandaule. Luso lonse la m'banja mwathu anali atatenga kale achemwali anga, oyamba kubadwa kwa mayi athu.

Achemwaliwo amagulitsa tomato ndi masamba pamsika wa ku Bangwe, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri anali msanamira ya gulu la zisudzo la kwathu. Gululo amalitsogolera ndi aphunzitsi ena opuma pantchito, amene tonse timangowatchula kuti adayirekitala. Iwowa salemba sewero papepala. Amakhazika anthu pansi pa mtengo wa peyala kuseri kwa nyumba yawo, n'kuwafotokozera nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kenako aliyense amadzipezera yekha mawu. N'chifukwa chake sewero lathu silikhala ndi utali umodzi. Lero litha msanga, mawa wina mawu akamukomera m'kamwa litalika mpaka anthu kuyamba kuganiza za ndiwo za madzulo.

Vuto la achemwali linali nkhope. Mulungu anawapatsa nkhope yoti akangokweza nsidze imodzi, mwana wa eni amabweza chimene waba. Ndiye chaka ndi chaka mbali yawo inali yomweyomweyo: apongozi ankhanza, landiledi wozula chitseko, mayi wamiseche wa pampopi. Ankazitha moti anthu ankaiwala kuti ndi sewero. Mayi wina anawapeza pamsika n'kunena kuti, “Tomato wanu ndi wabwino, koma sindingagule kwa munthu wozunza mpongozi wake chonchija.” Achemwali anamuthokoza, ndipo madzulo ake anandifotokozera monyadira.

Koma chikho sankachiona. Pa mipikisano yathuyi chikho cha mayi wosewera bwino chimapita kwa amene walira, osati amene waliza mnzake. Chaka chilichonse ndinkaona kamtsikana kena kakukwera pasiteji kukalandira, achemwali akuwomba m'manja kumbuyo, nkhope ili gwa. Ine zinkandiwawa kuposa eni ake, kapena ndinkaganiza choncho.

Nyengo ya mipikisano imayamba mvula ikatha, kuzizira kukamalowa. Magulu amazungulira Loweruka lililonse masana: Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri, kenako opambana amakakumana kufainolo m'tauni, komwe amagawa zikho. Miyezi imeneyo benchi langa la kaunjika ku Limbe Loweruka limakhala lotseka, ndipo bambo a kunyumba kwanga anasiya kalekale kufunsa. Amangoti, “Yayambika misala ija eti?” ine n'kuvomera kuti yayambika. Ife masapota timakhalanso ndi mpikisano wathu. Tili ndi gulu lathu la pafoni, momwe timagawiramo zikho majaji asanakhale n'komwe pansi, ndipo ine anandichotsamo kawiri chifukwa chonena chilungamo.

Holo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Anthu a ku Ndirande salola munthu kupusitsidwa iwo akuona, mwamuna akamanamizidwa pasiteji amamukuwira kuti, “Yang'anani kunsi kwa bedi, bambo inu!” A ku Chilomoni amaonera mwaulemu ngati ali m'kalasi, kenako potuluka n'kukusambulani bwinobwino. Ku Machinjiri tsiku lina nkhuku inalowa pasiteji mkati mwa mlandu wothetsa ukwati, woweruza wa m'sewerolo n'kuifunsa ngati yabwera kudzachitira umboni. Zimenezi ndi zimene ine ndimakwerera maminibasi awiri.

Chimene sichisintha ndi majaji. Amakhala atatu patebulo loyala nsalu, aliyense ndi botolo lake la madzi, ndipo wapakati amasunga wotchi ndi belu la kusukulu lija. Lamulo lake aliyense amalidziwa. Sewero limapatsidwa mphindi makumi anayi. Belu loyamba likalira ndiye kuti kwatsala mphindi zisanu. Lachiwiri likalira katani isanatsekedwe, gulu lonse lachotsedwa, ndipo palibe wa m'gululo amene angalandire chikho chilichonse, kaya wasewera bwino chotani.

Chaka chimene ndikunenachi, maondo a achemwali anali atayamba kukana. Kukwera masitepe atatu a siteji kunkafuna kugwira phewa la munthu. Analengeza okha kuti ichi n'chaka chawo chomaliza, ndipo adayirekitala, kaya ndi chisoni kaya ndi nzeru, anawapatsa mbali imene anali asanapatsidwepo: mayi wamasiye amene alamu ake akumulanda katundu maliro ali m'nyumba. Tsiku limene anauzidwa anabwera kwathu molunjika, asanatule n'komwe dengu.

“Iwe, chaka chino wolira ndine,” anatero.

“Mudzatha, achemwali? Nkhope yanuyo ikalira ana sathawa?”

“Usandiseke. Ndikufuna chikho chimodzi chokha. Chimodzi. Ndikachigwira m'manja, kaya ndidzafe mawa lake, zilibe kanthu.”

Ndinali ndisanawamvepo akupempha kanthu m'moyo ndi mawu otsika choncho. Ndinalumbira mumtima kuti chikhocho chibwera ku Bangwe ngakhale nditachita kuchisenza ndekha. Sabata yomweyo nditatsegula belo la kaunjika, diresi lakuda labwino kuposa onse sindinaliike pabenchi, ndinawapititsira iwo.

Kulira kunali ntchito yachilendo kwa achemwali. Ngakhale pamaliro a bambo athu iwo ndi amene ankayendetsa zophika, akulamula uyu ndi uyo, maso ali gwa. Ndiye anayamba kuyeserera kunyumba masana, atatseka chitseko. Tsiku loyamba lomwe mayi woyandikana nawo nyumba anamva, n'kuuza mnzake, mnzakeyo n'kuthamangira kwathu. Mmene ndinkafika, mtima uli m'mwamba, ndinapeza azimayi atadzaza pakhonde, wina wabwera kale ndi nkhuni, azibambo awiri akukambirana zotulutsa mipando. Titakankha chitseko tinapeza achemwali ataima pagalasi, manja ali kumutu. Anatiyang'ana tonse n'kufunsa kuti, “Zinamveka ngati zenizeni?”

Apa ndiyenera kuulula udindo wanga wina. Kumphakati kwathu, kagulu ka mabanja achikatolika oyandikana nyumba amene timapemphera ndi kuthandizana limodzi, woyambitsa nyimbo pamaliro ndine. Si kuti mawu anga ndi okoma, koma ndi aakulu, ndipo paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Makolo athu anachokera ku Nsanje kudzafuna ntchito m'tauni muno, ndipo mayi athu anatilera ndi malamulo awiri a pamaliro. Loyamba, mkazi mnzako salira yekha. Akayamba kulira, mumamufunditsa nyimbo. Lachiwiri, nyimbo ya maliro sasiyira panjira. Mukaiyamba muyenera kuifikitsa kundime yomaliza, apo ayi mwanyoza womwalirayo. Zimenezi zinandilowa m'magazi moti pakhosi panga sipadikira kufunsa mutu.

M'mipikisano ya m'malokeshoni gulu lathu linayenda bwino. Achemwali ankalira mokweza, kudzigwetsa pansi, kugubuduka, ndipo anthu ankasangalala kwambiri. Ine kulira kumeneko sikunkandikhudza, chifukwa ndinkaona kuti ndi ntchito. Chimene chinatiopsa chinachitika ku Zingwangwa. Bambo amene ankasewera ngati alamu, kalipentala wa kufupi ndi kwathu, mawu anamukomera, n'kuyamba kutchula katundu yense wa malemu mpaka masipuni. Katani inatsekedwa jaji atanyamula kale belu m'mwamba.

Lolemba lake adayirekitala anadula sewerolo uku ndi uku, kenako anandiitanitsa ine.

“Mayi, inu ndinu sapota wathu wamkulu, timakunyadirani. Koma kufainolo taimu ndi taimu. Kuwomba m'manja, nthungululu, zonse pamapeto. Mukaimitsa sewero ndi phokoso, mphindi zimenezo majaji satibwezera.”

“Adayirekitala, mukundiuza ine? Ine ndinayamba kuonera zisudzo ena mwa ana anuwa asanamere mano.”

“N'chifukwa chake ndikuuza inuyo.”

Ndinachoka nditakwiya. Munthu amene sindinajombepo ngakhale Loweruka limodzi, lero ndizilangizidwa ngati mwana wa sukulu ya mkaka?

Pofuna kuwaonetsa kuti usapota ndimaudziwa, ndinachita chinthu chimene ndinkachiyesa chanzeru. Ndinamema azimayi a kumphakati kwathu kuti akaperekeze achemwali. Tinadzaza minibasi yathunthu, ena kukhala pamiyendo ya anzawo, tonse titavala chitenje chofanana. Ambiri anali asanalowepo m'holo ya zisudzo. Ndiye panjira, kuyambira ku Bangwe mpaka kudutsa Limbe, ndinawaphunzitsa mwambo wake. Osakwera pasiteji. Osatukwana makolo a wosewera. Kalipentala uja mukamuona panja sewero litatha musamumenye, ndi Mkhristu mnzathu. Amayi apampando a mphakati, munthu wachikulire amene mawu ake sabwezedwa, anavomera m'malo mwa onse. Za nyimbo sindinatchule, chifukwa sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Ndinali nditatenga kwaya yonse ya maliro ya kwathu kupita nayo kusewero la maliro, uku ndikumwetulira kuti ndachita zakupsa.

Holo ya m'tauni inali ina ndi ina. Katani yeniyeni yokoka ndi chingwe, magetsi a mitundumitundu, mipando yoti ukadzuka imadzipinda yokha, zimene zinachedwetsa azimayi aja kukhala pansi chifukwa aliyense ankafuna kuyesa kawiri. Kunja kunali chiperoni. Ine ndinakhala mzere wachitatu monga mwa nthawi zonse, amayi apampando pambali panga, ndipo ndinaika switi m'kamwa kuti pakhale chonditsekera.

Anayamba a ku Ndirande. Anabwera ndi njinga yamoto yeniyeni ya kabaza kuti majaji agome, koma itafika nthawi yoti wakuba athawirepo inakana kulira. Anaiponda kasanu, wapolisi wa m'sewerolo ataima pambali kudikira mwaulemu, mpaka oonera anayamba kupereka malangizo a mapulagi. Kenako analowa a ku Chilomoni, ndi kamtsikana kawo kokongola, kolira misozi yeniyeni yotsika mbali zonse ziwiri. Ine mpaka lero ndimati m'kampango kake munali anyezi, koma umboni ndilibe.

Athu analowa dzuwa litapendeka. Zonse zinayenda mmene adayirekitala anakonzera. Mwamuna anadwala mwachangu, anamwalira mwachangu, n'kugonekedwa pakona atafunditsidwa nsalu yoyera. Alamu anafika ndi anthu awo n'kuyamba kututa: mipando, wailesi, mbale, makina osokera. Azimayi aja anasunga malamulo onse amene ndinawapatsa, kupatula mmodzi amene anakuwa kuti, “Mulungu akukuonani, akalipentala!” Pomaliza alamu anakoka ngakhale mphasa imene wamasiyeyo anakhalapo, n'kumusiya pansi penipeni. Belu loyamba linalira pomwepo. Ndinaona mumtima zimene zatsala: achemwali alire pang'ono, adzuke, awauze alamu mawu awo omaliza, katani. Mphindi zisanu zinali zokwana ndi kutsalako.

Koma achemwali sanalire mmene ankalirira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Sanagubuduke, sanakuwe. Potuta paja anthu anagwetsa nsapato imodzi ya malemu, mwangozi chabe, sinali m'sewero. Achemwali anaitola, n'kuiyang'ana, n'kuyamba kuipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje chawo, pang'onopang'ono. Kenako anayamba kulira motsitsa, akuyankhula ndi nsapatoyo m'Chisena, ndendende mmene mayi athu analirira tsiku limene bambo anatisiya. Ngakhale a ku Ndirande anasowa malangizo.

Mchemwali wanga anali pansi, yekhayekha, akulira pamaso pa chinamtindi cha anthu, popanda ndi mmodzi yemwe womufunditsa. Ndinamva wina akuyambitsa nyimbo ya maliro, yaitali ija ya ndime zisanu ndi ziwiri imene timaimba potulutsa bokosi m'nyumba. Ndinapsa mtima, ndinati wopanda mwamboyu ndi ndani. Pamene ndinkati nditembenuke ndimudzudzule, ndinapeza switi ili m'dzanja langa, pakamwa pali potsegula. Woyambitsayo ndinali ine.

Azimayi a kumphakati sanachedwe. Anailandira monga amachitira nthawi zonse, aliyense pamalo pake, awa pamwamba awa pakati. Pofika ndime yachiwiri azibambo a ku Ndirande anali atalowa ndi besi. Kumbali kwa siteji ndinaona adayirekitala atasuzumira, akukupiza manja onse awiri kuti tileke. Azimayi aja anayesa kuti akuwongolera kwaya, ndipo poona kuti manjawo akupita pansi, anatsitsa mawu n'kuichedwetsa nyimboyo kuti ikome bwino. Pakona paja nsalu yoyera inkakwera ndi kutsika. Malemu, amene Lamulungu amaimba besi kutchalitchi, nawonso anali atalephera kupirira.

Nzeru zinandibwerera pandime yachitatu. Ndinatseka pakamwa, n'kugwira mkono wa amayi apampando.

“Amayi, tiyeni tilekeze pomwepa, nthawi yatha!”

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

“Mwaiyamba nokha. Tiisiyire panjira, maliro ali apo?”

“Si maliro enieni, amayi, ndi bambo aja a kwaya!”

“Nanga akulirawo si achemwali anu enieni?”

Ndipo anayambitsa okha ndime yachinayi.

Ndinayang'ana kutebulo la majaji. Jaji wamkazi anali atavula magalasi, akuimba nawo. Wapakati uja anaimirira, belu lili m'manja, maso ali pawotchi, milomo ikugwedera. Munthuyo ulemu anali nawo, ndisamunamizire. Anadikira kuti ndime yachisanu ithe, ndipo pakampata kopumira mpweya analiza belu kamodzi, mofatsa. Palibe amene analeka. Tinamaliza ndime zonse zisanu ndi ziwiri, inenso ndikuimba nawo tsopano, chifukwa madzi akatayika sawoleka. Kenako achemwali anadzuka, nsapato ili m'manja, n'kuwauza alamu mawu awo omaliza. Katani itatsekedwa holo yonse inaimirira. Ndinali ndisanaonepo anthu akuwomba m'manja nthawi yaitali chotero, koma ine maso anga anali pabelu lija.

Pogawa zikho anayamba ndi kulengeza kuti gulu la ku Bangwe lachotsedwa chifukwa chopitirira nthawi. Chikho cha mayi wosewera bwino chinapita kwa kamtsikana ka ku Chilomoni. Ine, m'malo mobisa nkhope ndi manyazi, ndinapita kukalimbana ndi jaji wa belu. Munthu ukadziwa kuti walakwa mawu amakukulira.

“Bambo, nthawi ya nyimbo mukuikankhira gulu bwanji? Anaimba ndi osewera kapena ndi ife?”

“Mayi, katani inali yotsegula.”

“Ndiye chotsani ifeyo, osati iwo! Inunso ndakuonani, mumaimba nawo!”

“Ndaimba nawo ndime ziwiri, mayi, sindikana. Koma wotchi sinaimbe nawo.”

Adayirekitala anandipeza pakhomo. Anangovula chipewa, n'kundiyang'ana, n'kuchivalanso. Bola akanandilalatira.

M'minibasi pobwerera azimayi aja anali pachikondwerero. Mmene iwo anaonera tinali titawina, nanga ndani winanso anaimiritsa holo yonse? Ankafunsana kuti chikhocho atitumizira liti. Achemwali anakhala kutsogolo pambali pa dalaivala, dengu la zovala za sewero lili pamiyendo, ndipo kuchokera m'tauni mpaka ku Bangwe sanatembenuke.

Tsoka lake, wina anali atajambula zonse pafoni. Pofika Lachiwiri kanemayo anali atazungulira Blantyre yense, ine ndikuonekamo bwinobwino, mutu uli chagada, switi ili m'manja. Ku Limbe anthu ankaima pabenchi langa osagula kanthu, kungofuna kundiona. Bambo wina wa ku Mbayani anachita kundifunsa ngati ndimapitanso kumaliro a m'malokeshoni ena. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano.

Masabata atatu achemwali sanandiyankhule ngati mng'ono wawo. Ndinawatumizira nkhuku yophika, inabwerera mmene inapitira, chivindikiro chosatsegula. Ndinapita kumsika n'kuima pabenchi pawo. Anandifunsa kuti, “Tikuthandizeni chiyani, mayi?” n'kundiikira tomato m'jumbo popanda ngakhale basela. Munthu amene ankandibereka kumsana mayi athu ali kuganyu, lero kundilandira ngati mlendo wodutsa! Ndinafika kunyumba ndikulira, ndipo tomatoyo sindinamudye.

Chimene chinkanditonthoza m'masiku amenewo chinali chimodzi. Ndinkadziuza kuti mwina chikhocho sakanawina ngakhale ndikanakhala chete. Majaji amakonda atsikana, amakonda misozi yooneka, ndani sadziwa? Bambo a kunyumba ankandivomereza, kaya pofuna mtendere. Ndinazibwereza mpaka ndinayamba kuzikhulupirira, ndipo ndinafika poganiza kuti achemwali akungokokomeza nkhani.

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku Misa, ndinawaona akulowa pageti pathu, akukoka mwendo. Sanapereke moni. Anakhala pakhonde, n'kumasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa pepala lopindapinda. Linali pepala la majaji, limene amalembapo maganizo awo pa gulu lililonse n'kutumiza kwa atsogoleri mpikisano ukatha. Adayirekitala anali atawapatsa dzulo lake osawauza zimene zili pamenepo. Linali m'Chingerezi, ndipo achemwali sukulu anailekeza msanga kuti ife aang'ono tiphunzire.

“Werenga,” anatero. “Unene m'Chichewa. Usachotse, usawonjezere.”

Panali mizere iwiri yokha yolemba pamanja. Ndinamasulira woyamba. Unkati mayi amene anasewera ngati wamasiye anaposa wina aliyense amene majaji anamuona chaka chimenecho, mwamuna kapena mkazi, ndipo onse atatu anagwirizana chimodzi popanda kutsutsana. Wachiwiri unali waufupi: gulu lapitirira nthawi, lachotsedwa.

Pobisala panga panathera pomwepo. Chikho chinali chawo, chinali kale m'manja mwawo, ndipo amene anachilanda si jaji, si kamtsikana ka ku Chilomoni, koma ine mng'ono wawo ndi pakamwa pangapa. Pasiteji sakanabwereranso, maondo anali atakaniratu. Ndinagwada pakhonde pomwepo.

“Achemwali, ndikhululukireni. Ndinakuonani muli nokha.”

“Ndikudziwa chimene unaona. Chikho chija ndinkachifuna, ndipo ndikuchifunabe. Usaganize kuti zatha.”

Misozi inayamba kunditsika.

“Pukuta, pukuta. Wodziwa kulira m'banja muno ndine, majaji achita kulemba.”

Anasendeza pepala lija kwa ine ndi chala.

“Werenganso. Koma wapamwamba wokhawo. Pansipo usafikepo.”

Ndinawerenga. Anati ndibwereze pang'onopang'ono, m'Chingerezi momwemo mmene majaji analembera. Ndinabwereza kachitatu, kachinayi. Pofika kachisanu anali atatsinzina, manja ali pamaondo, milomo yawo ikutsatira yanga liwu ndi liwu m'chiyankhulo chimene sachidziwa, kuti asunge mawuwo pamtima.